Laputopu yomwe WiFi imangogwira ukaiyandikiza pa rauta, mmene tinaipezera vuto kuno ku Zomba

Ndalemba izi makamaka kwa anzanga amene timakonza makompyuta komanso achinyamata amene mwangoyamba kumene ntchitoyi, chifukwa ambirife kasitomala akangoti "WiFi sikugwira" dzanja limathamangira ku flashi ya Windows kuti tifomate basi, pomwe nthawi zambiri vuto silikhala ku Windows n'komwe. Nkhaniyi ndi ya mtsikana wina wa ku Chanco, amakhala ku Chikanda m'nyumba zalendi zija za ana a sukulu, dzina sinditchula. Laputopu yake ndi ya purosesa ya AMD Ryzen, sikirini ya mainchesi 15.6, Windows 10, anagula yogwiritsidwapo kale ntchito monga amachitira ana a sukulu ambiri.

Dandaulo lake linali lakuti WiFi imaoneka ndithu koma ndi kamzere kamodzi kapena tiwiri, ikalumikiza pakangopita mphindi zochepa yaduka, ndipo netiweki ya pa hostel yomwe anzake m'chipinda chomwecho amagwiritsa ntchito bwinobwino iyeyo samaiona n'komwe pa mndandanda. Akayatsa hotspot pa foni n'kuika foniyo pambali pa kiyibodi zimayendako, koma akangoika foni pa windo kuti igwire bwino 4G laputopu imataya. Asanabwere kwa ine munthu wina anali ataifomata kale kawiri n'kuikanso ma driver, palibe chinasintha, ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti pofomatapo mafayilo ena a pulojekiti yake ya chaka chomaliza anapita, laputopuyo ili ndi SSD ndiye mukudziwa kuti pa SSD zinthu zikafufutidwa TRIM (njira yomwe SSD imachotseratu zomwe zafufutidwa) n'kudutsapo kuzibweza n'kovuta zedi, sitinathe kupulumutsa kanthu. Mchimwene wake wa ku Lilongwe atamva kuti kufomata kwakanika anamugulira khadi latsopano la WiFi n'kumutumizira, ndiye iye pobwera amangofuna kuti ndimuikire khadilo azipita.

Sindinathamangire kutsegula. Ndinamufunsa kuti "Asisi, vutoli linayamba liti, nanga nthawi imeneyo laputopuyi inakumana ndi chani?" iye n'kuti "Achimwene palibe, inangoyamba yokha titatsegulira sukulu." Koma poyang'ana pulasitiki yozungulira sikirini ndinaona kuti kumunsi chakumanja sinakhale bwino komanso panali zokandika za sikuludiraiva, ndiye ndinafunsanso ngati sikiriniyo ndi yomwe anagula nayo. Apa m'pamene anakumbukira kuti inasweka nthawi ya holide ndipo anakasinthitsa kwawo. Sanaganize kuti ziwirizi zikukhudzana chifukwa kunyumba intaneti amaitenga pa foni kudzera pa chingwe cha USB, ndiye WiFi sanaiyeseko mpaka atabwerera ku Zomba. Funso limeneli, lakuti ndani anaitsegula komaliza ndipo anagwira chani, kwa ine ndi lomwe linatembenuza nkhani yonse.

Kuti zimveke chifukwa chake sikirini ndi WiFi zimakhudzana, tikumbutsane kaye mmene zinthu zilili mkatimu. WiFi ya mu laputopu ndi wailesi yeniyeni, yolandira komanso yotumiza. Pa motherboard pamakhala kakhadi kakang'ono, m'malaputopu a masiku ano kamakhala ka M.2 2230 kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi 30 m'litali, komangidwa ndi sikuluu imodzi, akale aja amakhala ndi mini PCIe yokulirapo, ndipo ena opyapyala kwambiri chipu chake anachiwotchereratu pa bolodi moti sungachisinthe mwachisawawa. Khadi lomwelo ndi limene limanyamulanso Bluetooth, koma njira zake n'zosiyana, WiFi imalankhula ndi kompyuta kudzera pa PCIe pomwe Bluetooth imadutsa pa USB, n'chifukwa chake pena mumapeza chimodzi chafa china chikugwira. Khadilo palokha silingamve patali, limafuna eriyo, ndipo ma eriyo amakhala pamwamba pa chivindikiro kuseri kwa pulasitiki ya sikirini pafupi ndi kamera, poti kumeneko ndi kokwera komanso kutali ndi phokoso la magetsi la purosesa ndi RAM. Ndiye kuchokera pa khadi kukafika kumwambako pamadutsa timawaya tiwiri, kawirikawiri kakuda ndi koyera, kamodzi MAIN kena AUX, ndipo njira yake ndi imodzi yokha, pa hinji. Aliyense wosintha sikirini kapena hinji amagwira timawaya timeneti afune asafune.

Ndisanamasule sikuluu ndinafuna umboni kaye. Mu Device Manager khadi limaoneka bwinobwino popanda chizindikiro chachikasu, kusonyeza kuti bolodi ikuliona ndipo driver yalowa. Kenako ndinaika laputopu mita imodzi kuchokera pa rauta ya mu shopu, n'kulemba netsh wlan show interfaces mu Command Prompt, pa Signal panatuluka 40%. Anzanga musamadalire timizere tija ta pakona, nambala iyi ndi yomwe imanena zoona. Windows imawerenga 0% ngati -100 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya WiFi yomwe ikufika) ndipo 100% ngati -50 dBm, ndiye 40% ndi cha m'ma -80 dBm, pomwe foni yanga nditaiika pamalo omwewo imaonetsa -45 dBm. Kusiyana kwa 35 sikumveka kwakukulu koma ma dB sawerengedwa ngati masitepe, 10 iliyonse ndi kuchulukitsa ka 10, ndiye 30 dB yokha ndi ka 1000. Laputopu imalandira mphamvu yochepa kupitirira ka 1000 poyerekeza ndi foni ili pambali pake, palibe driver yomwe ingachite zimenezo ili bwinobwino mu Device Manager.

Chinanso, netsh wlan show drivers imaonetsa kuti khadilo limatha 802.11ac, kutanthauza kuti 5 GHz limayenera kuiona, ndipo rauta yanga imaulutsa pa 2.4 GHz komanso pa 5 GHz, koma dzina la 5 GHz silimatuluka pa mndandanda. Izi n'zomveka chifukwa 5 GHz imafooka msanga kuposa 2.4 GHz, eriyo ikavuta ndi yomwe imayamba kusowa. Nditafunsa za Bluetooth mtsikanayo anati mahedifoni ake amaduka akangodzuka pa tebulo, pomwe kale amafika nawo mpaka panja, Bluetooth imabwereka eriyo imodzi mwa ziwiri zomwezo ndiye umboni umangoloza kumodzi. Ndinayesanso kutsekula ndi kutseka chivindikiro pang'onopang'ono uku ndikubwereza lamulo lija, nambala imadumpha, pena 55% pena kuduka kumene. Pomaliza ndinaiyatsa ndi Ubuntu (Linux, yolowa m'malo mwa Windows) ya pa flashi osakhudza SSD yake, zotsatira zimodzimodzi. Kuyesa konseku sikunafufute fayilo ngakhale imodzi, ndipo munthu uja akanangochita chimodzi mwa izi mtsikanayu sakanataya ntchito yake, zimandiwawa ndithu ndikaganiza.

Titatsegula pansi, choyamba kuzula batire pa bolodi, osagwira khadi batire ili yolumikiza. Tinapeza mavuto awiri osati limodzi. Kawaya koyera ka AUX kanangogonekedwa pamwamba pa khadi n'kumatidwa ndi tepi, nditachotsa tepiyo ndinaona kuti kasoketi kake pa khadipo kanaphwanyika, zikuoneka kuti wina anakakanikiza mokhota ndi chitsulo mpaka kuthyola. Timasoketi timeneti pa makhadi a M.2 ndi ta MHF4, tating'ono kwambiri kuposa ta U.FL ta pa mini PCIe, timalowa ngati batani lodina la pa malaya a khanda, kuika mowongoka n'kudina ndi chala kapena kapulasitiki mpaka kumva kuti kalowa, ndipo sitinapangidwe kuti tizizulidwazulidwa. Kawaya kakuda ka MAIN kanali kolumikiza bwino pa khadi, koma nditakalondola mpaka pa hinji ndinapeza kuti pobwezera sikirini sanakadutsitse mu kanjira kake, kanadutsa pamwamba pa chitsulo cha hinji, ndiye nthawi iliyonse akatsekula laputopu kamatafunidwa, pamalopo kanali kataphwatalala ndipo khungu lake litang'ambika.

Apa pali msampha umodzi womwe ndikufuna muusamale. Kawaya aka si waya wamba, ndi coaxial, konenepa cha m'ma milimita imodzi, mkati muli kachingwe kamodzi, kenako pulasitiki, kenako ukonde wa timawaya wotchinga kunja. Anthu ena amatenga multimeter n'kuyeza pakati pa kachingwe ka mkati ndi ukonde wa kunja, ikalira amati waya washota. Koma ma eriyo ambiri a mu laputopu ndi a mtundu wa PIFA ndipo mapangidwe ake enieniwo amalumikiza mbali ziwirizi, ndiye multimeter imalira ngakhale eriyo ili yabwinobwino, mutha kutaya eriyo yamoyo chifukwa cha zimenezi. Kuyeza kothandiza ndi kuchokera pa kapini ka pakati ka pulagi kukafika pomwe kachingweko kawotcheredwa pa eriyo kumwamba, uku mukupinda waya pang'ono pamalo okayikitsa. Apa ndinachotsa pulasitiki ya sikirini n'kuyeza choncho, imalira n'kusiya, kulira n'kusiya, kachingwe ka mkati kanali kataduka kakungokhudzana mwa apo ndi apo. Ndiye laputopu imagwira WiFi ndi kachidutswa ka waya kochokera pa khadi kukafika pa hinji basi, n'chifukwa chake imamva hotspot ikakhala pafupi penipeni.

Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito anafunsa kuti bwanji osangodula pophwanyikapo n'kuwotcherera ndi soda (solder). Funso labwino ndipo ndikudziwa kuti ambiri amachita. Vuto n'lakuti pa 2.4 GHz funde limodzi ndi lotalika pafupifupi masentimita 12.5, pa 5 GHz masentimita 6 okha, ndipo waya ameneyu anapangidwa kuti akhale wa ma ohm 50 kuyambira pa khadi mpaka pa eriyo, ukangosokoneza mpata wa pakati pa kachingwe ndi ukonde uja mphamvu ina imabwerera m'mbuyo m'malo mopita ku eriyo. Mwina zingagwireko pa 2.4 GHz kasitomala n'kuchoka akusangalala, koma olumikizawo ali pa hinji pomwe pamapindika tsiku lililonse, sizingakhalitse. Ndinakana njira imeneyo.

Kenako nkhani ya khadi lomwe mchimwene wake anatumiza. Linali Intel AX201, latsopano, la WiFi 6, khadi labwino ndithu ndipo mu soketi ya M.2 limalowa. Koma AX201 ndi la mtundu wa CNVi, gawo lalikulu la ntchito ya WiFi lili mkati mwa chipu cha Intel cha pa bolodi ndipo kakhadiko kamangonyamula mbali ya wailesi, ndiye pa laputopu ya AMD silingaoneke n'komwe mu Device Manager. Lomwe limagwira pa PCIe wamba ndi m'bale wake AX200, chimodzimodzi 9260 ndi la PCIe pomwe 9560 ndi la CNVi, manambala amayandikana ndiye osawerenga bwino amagula lolakwika. Ndinamufotokozera mtsikanayo kuti khadili silinawonongeke ayi koma si la makina ake, alisunge mu pepala lake lomwelo, komanso kuti ngakhale likanakhala loyenera, kuika khadi latsopano pa waya woduka sikukanathetsa vuto lonse, akanangoti achimwene awo agula chinthu chakufa.

Tinakambirana njira ziwiri. Yotchipa ndi kugula ka USB WiFi kaja kakang'ono, ndipo sindikanyoza, kamapulumutsa munthu mayeso akayandikira. Koma tambiri totchipa timene timapezeka m'mashopu ndi ta 802.11n ta 2.4 GHz yokha, eriyo yake ndi yochepetsetsa, Bluetooth sikanakonzeka, komanso kwa mwana wa sukulu amene amaponya laputopu m'chikwama kuyenda nayo kuchokera ku Chikanda kupita ku kalasi tsiku ndi tsiku, kachinthu kotulukira pambali kamatha kuthyola soketi ya USB. Njira yachiwiri inali kusintha ma eriyo ndi khadi lomwe, ndipo mwamwayi ndinali ndi laputopu ina yakufa bolodi ya sikirini yofanana kukula, momwe munali khadi la 802.11ac la ma eriyo awiri la PCIe ndi mawaya ake a MHF4 amoyo. Anzanga malaputopu akufa musamataye ndi ma eriyo omwe, ambiri timachotsa RAM, SSD ndi sikirini n'kusiya timawaya timeneti pomwe kutipeza tatsopano kuno n'kovuta, mpaka kuitanitsa ku Blantyre kapena kunja. Mtsikanayo anasankha yachiwiri.

Ndisanamate chilichonse ndinalumikiza zonse zili pamtunda n'kuyatsa kaye, pa zifukwa ziwiri, kuona ngati mawaya akufika utali wake, komanso malaputopu ena makamaka akale ali ndi mndandanda mu BIOS wa makhadi okhawo omwe amalola ndipo ukaika lachilendo amakana kuyaka, iyi sinakane. Driver ya khadilo ndinali nditaikopera kale pa flashi poti ukasintha khadi umatha kupezeka ulibe intaneti yokoperapo. Ma eriyo ndinawamata pamwamba m'malo momwe munali akale, kapepala kake ka kopa kogona bwino pa chivindikiro ndipo mutu wa eriyo uli kuseri kwa pulasitiki osati kuseri kwa chitsulo, mawaya ndinawadutsitsa mu timakoko take m'mbali mwa sikirini mpaka mu kanjira ka pa hinji, n'kusiya kampata pang'ono kuti asakokeke potsekula. Hinji ya kumanja inali yolimba kwambiri ndiye ndinamasulako nati yake pang'ono, hinji yolimba imathyola mapulasitiki kenako n'kudzagwiranso mawaya omwewa.

Pamalo omwe aja a mita imodzi Signal inafika 99%, dzina la 5 GHz linatulukira, ndipo Receive rate inaonetsa 866.7 Mbps yomwe ndi malire a 802.11ac pa ma eriyo awiri ndi chanelo cha 80 MHz. Ndinamuchenjeza kuti nambala imeneyi ndi liwiro la pakati pa laputopu ndi rauta chabe, intaneti yeniyeni idzayenda malinga ndi bando komanso netiweki ya kampani yomwe rautayo ikutengako. Tinatuluka nayo panja kuseri kwa makoma awiri a njerwa, 2.4 GHz imagwirabe bwino, kutsekula ndi kutseka chivindikiro nambala osagwedezeka, mahedifoni nawo anafika panja osaduka.

Koma sizinathere pamenepo. Patapita masiku anandiimbira kuti ku hostel netiweki ija tsopano akuiona timizere todzaza koma akadina imayankha kuti Can't connect to this network, pasiwedi ndi yomweyo yomwe anzake akugwiritsa ntchito, ndipo mawu ake amamveka kuti wayamba kukayikira khadi lakale lomwe ndinamuikira. Apa m'pofunika kudziwa masitepe omwe laputopu imadutsa polumikiza, chifukwa uthenga uliwonse umakuuza pomwe zaimira. Rauta imalengeza dzina lake pafupifupi ka 10 pa sekondi kudzera mu ma beacon, khadi limayendayenda m'machanelo kumvetsera komanso kufunsa, ndi mmene mndandanda uja umapangikira, ndiye ngati dzina likuoneka ndi mphamvu zonse eriyo ili bwino. Ukadina, khadi limapempha kulowa ndipo rauta imavomera kapena kukana. Ikavomera, pa WPA2 pamakhala kupatsana mauthenga anayi otsimikizira kuti onse awiri akudziwa pasiwedi popanda kuitumiza pasiwediyo mumlengalenga. Kenako laputopu imapempha IP address, nambala yake ya pa netiweki, kudzera pa DHCP (njira yomwe rauta imagawira manambalawa), zikakanika apa mu ipconfig mumaona nambala yoyamba ndi 169.254 yomwe Windows imadzipatsa yokha, ndipo pomaliza ndi DNS (yomasulira maina a mawebusayiti kukhala ma IP address) ndi njira yotulukira kunja, pomwe pamabwera uthenga wa No internet, secured, womwe nthawi zambiri umangotanthauza kuti bando yatha.

Ndinamuuza ayese hotspot ya foni yake ili pa windo, inalumikiza nthawi yomweyo, ndiye khadi ndi eriyo zinali bwino, yomwe imakana ndi rauta ya pa hostel ndipo imamukana pakhomo penipeni. Ndinafunsa kuti "Asisi, tsiku loyamba kulowa pa WiFi imeneyi munangopatsidwa pasiwedi basi?" iye n'kuti ayi, woyang'anira nyumba anatenga laputopu n'kukopera manambala ena mu kope lake kuti anthu osalipira asamalowe. Basi yankho linali lomwelo. Khadi lililonse la WiFi lili ndi MAC address yakeyake, zilembo ndi manambala 12, ndipo rauta ija anaiseta kuti izilola okhawo omwe analembedwa. MAC imakhala pa khadi osati pa laputopu, ndiye titasintha khadi rauta imaona ngati wabwera mlendo. Tikasintha khadi tizimuuza kasitomala zimenezi, makamaka a m'ma hostel, m'maofesi ndi m'malo ena omwe amalembetsa zipangizo. Ndinamulondolera pa foni kuti alembe getmac /v n'kukopera nambala ya pa mzere wa Wi-Fi osati ya Ethernet kapena ya Bluetooth, komanso aone mu Settings kuti Random hardware addresses ndi yozima, chifukwa ikakhala yoyaka Windows imapeka MAC ina ndipo yomwe walembetsayo siigwira ntchito.

Woyang'anira nyumba atalowetsa nambala yatsopanoyo laputopu inalumikiza madzulo omwewo. Chotsala chomwe anadandaula n'chakuti usiku intaneti imachedwa, koma izi zimachitikira onse pa hostel poti ndi nthawi yomwe aliyense ali pa rauta imodzi, komanso 2.4 GHz ili ndi machanelo atatu okha osaloŵerana, 1, 6 ndi 11, pomwe m'zipinda muli ma hotspot ndi ma MiFi ambirimbiri akulimbirana malo omwewo. Rauta yawo ili ndi 5 GHz ndipo chipinda chake sichili patali, ndiye ndinamuuza azilumikiza ku imeneyo, akuti zinasinthako. Pulojekiti anailembanso magawo omwe anatayika aja ndipo pano amasunga kope lina pa Google Drive. Khadi la AX201 lija mchimwene wake anabwera kudzalitenga, tinaliika mu laputopu ya mchimweneyo ya Intel ya m'badwo wa 10 yomwe soketi yake imalola CNVi, ndipo linaoneka mu Device Manager titangoyatsa.